Kuno Kuda Ndiko Kupola

Miyezi isanu ndi iwiri ching'ambireni bondoli,
ndakwera minibasi pa Bembeke chifunga chisanachoke.
M'jumbo muli chimbale chonyezimira
chomwe ndinabwera nacho kuchokera ku Lilongwe,
kumene anandigoneka m'makina ophokosera
ngati chigayo chimanga chikatha.

Ku chipatala cha Dedza a Kamtengeni apukuta magalasi,
alowetsa chimbale. Bondo latulukira pa kompyuta,
lodulidwa magawomagawo ngati kabichi,
koma popanda dontho la magazi.
Sindikulizindikira.
Langa ndimalidziwira chipsera
cha njinga ya achimwene, ndili Sitandade 4.
Ili lilibe chipsera, ngakhale khungu lilibe.

"Uwu," akuloza ndi nsonga ya bolopeni,
"ndi mtsempha anausolola kuseri kwa ntchafu yako
n'kuumanga m'malo mwa woduka uja."
Kachingwe kopendekeka, kotuwa ngati phulusa.
Akazunguliza mzere. Kompyuta yayamba yaganiza,
yayerekeza ndi chithunzi cha mu Epulo,
kenako yalavula nambala.

Ine ndawauza kale kuti silikupweteka.
Ndimakwera nalo chitunda cha kutchalitchi,
ndakumba nalo kachewere matumba asanu ndi limodzi.
Loweruka Felesiya ndi anzanga akupita ku Linthipe
kukamenya ntchemberembaye,
ndipo pansi pa golo palibe wamtali ngati ine.

"Nangozo, bondo limatha kunama.
Kuyera ukuonaku ndi madzi, mtsempha ukadali wanthete.
Ukamakhwima umada.
Kuno kuda ndiko kupola."

Ndaseka, koma kukhosi kwauma gwa.

Kenako ndawaona bambo kuseri kwa khola,
mpeni kukamwa, akumezanitsa mapichesi,
akukulunga bala ndi pepala la shuga,
akutithamangitsa tikafuna kusuzumira.
Ankati kuphukira masamba si kugwira ayi,
amene amadziwa zoona ndi mphepo ya mu Julaye.
Analibe makina oonera m'kati.
Ankangodikira,
ndipo ina inkathyoka ndithu, masamba ali biriwiri.

"Nambala yatsika," akutero a Kamtengeni,
"koma sinafike. Ubwere mu Okotobala.
Usadumphe, usapotoke mwadzidzidzi.
Lamba wokoka uja ukumugwiritsabe ntchito?"
Ndavomera ndi mutu. Lambayo ndinamangira nkhuni.

Ndapempha kujambula chithunzicho pa foni.
Pa depoti mphepo ya m'phiri ikulowa mu juzi,
kondakitala akuti tikhale anayianayi,
ndamuuza kuti mwendowu sufinyidwa,
wandiyang'ana, saona bala lililonse.

Felesiya waimba kawiri. Sindinayankhe.
Ndikukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri
mpaka kachingwe kasanduka timabokosi,
tina totuwa, tina tayamba kuda
cha kumunsi kuno, pafupi ndi fupa.
Ndikuwerenga takudato kamodzikamodzi,
dzanja lina lili pa bondo,
minibasi isanadzaze.