Chala cha a Esenkul

Ndaphunzitsa malamulo a dziko lino zaka makumi awiri
pasukulu ya ku At-Bashi, pomwe mphepo imalowera pa zenera losweka,
ndipo buku lililonse limene boma linatitumizira
linakalamba ana asanalimalize.
Chaka chino mphamvu zili kwa pulezidenti,
chaka china zasamukira ku Jogorku Kenesh
kumene aphungu amakangana mpaka mawu kusasa,
kenaka zabwereranso, ngati mkamwini wosamva kukanidwa.
Ndinkafufuta bolodi ndi mkono wa juzi
mpaka juziyo inayera mbuu.

Lero ndili m'komiti ya chisankho.
Andipatsa tebulo, kaundula ndi kamakina kowerenga zala.
Chipale chofewa chagwa usiku wonse,
akavalo pa mpanda wa sukulu akufuka nthunzi m'mphuno.

A Esenkul afika dzuwa lili paliwombo,
chipewa chawo choyera cha kalpak chitapendekeka.
Atsika maola anayi kuchokera kumakola a m'phiri.
Aika chala pagalasi.
Makina ali duu.
Aikanso. Kachitatu achinyambita, achipukuta pa chikhothi.
Makina akuti sakuwadziwa.

Zingwe za akavalo zinadya mizere ya chala chimenechi,
chisanu chinamaliza zotsala.
Chala chimene chazula ana a nkhosa osawerengeka m'mimba mwa amawo
lero chasalala ngati mwala wa mumtsinje wa Naryn.

"Burul, mwana wanga," akutero uku akuseka,
"iwenso sundidziwa? Ndinakukweza pa bulu uli ndi mamina."
Ndikukudziwani, ndayankha, koma wofunsidwa si ine.

Akhala pa benchi ya ana, mawondo afika pachibwano,
ayamba kuwerenga pa zala zomwezo.
Nthawi ya Soviet papepala pankakhala dzina limodzi.
Kenaka inabwera mbendera ina yofiira,
ya dzuwa ndi nsonga ya denga la hema pakati.
Katatu konse anamva pa wailesi kuti khamu ladzaza bwalo la Ala-Too,
magalasi aphwanyika, mpando waukulu watsala wopanda mwini,
ndipo kutacha nkhosa zinafuna udzu monga mwa masiku onse.
Mwana wawo Tilek ali ku Moscow, amasenza simenti.
Ndalama zake ndizo zinafolera khola,
osati lonjezo la bambo wa pachithunzi uja
amene nkhope yake yasuluka pakhoma la sitolo
koma akumwetulirabe.

"Nanga mwatsikiranji?" ndafunsa chapansipansi.
"Mlatho," akutero. "Uja madzi anakokolola.
Ndikapanda kuponya, ndidzatukwana ndani?"

Mtsikana wa makina, Aiperi, waimba foni ku ofesi ya chigawo.
Ikungoitana.
Watulutsa mafuta odzola m'kachikwama kake, onunkhira maapozi,
wapaka manja a mkuluyo pang'onopang'ono
ngati akudzoza khanda.
Tayesa chamkombaphala, tayesa chapakati,
mpaka tafika pa kachala kakang'ono ka kumanzere,
kaulesi, kamene ntchito inakaiwala.
Makina alira kamodzi.
Nkhope yawo yatulukira pagalasi,
ya tsitsi lakuda kuposa ili, maso ali tong'o.

Alowa kuseri kwa nsalu. Achedwako.
Tikuona nsapato zokha, chipale chikusungunuka pansi pake.

Madzulo tiwerenga mapepala, tisaina,
galimoto iwatenga kudutsa mpata wa Dolon
kupita kumene zinthu zimagamulidwa ndi anthu a manja ofewa.
Sindikudziwa ngati mlatho udzamangidwa.
Sindikudziwa buku la chaka chamawa lidzati mphamvu zili kwa yani,
ndipo juzi yanga ina ndi yakuda.

Ndakolopa madzi a nsapato zawo.
Pa zenera losweka lija ndawaona akukwera kavalo,
zingwe m'dzanja lamanja,
kachala kaja atakabisa m'thumba la chikhothi
ngati chiphaso.