Makiyi Ali Kutsidya kwa Nyanja

Kashopu kanga kali pa msika wa Kapata,
pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa matcheni a njinga.
Ntchito yanga n'kuthira mavidiyo m'mafoni a anthu.

Lachiwiri lina anafika mayi Tikambenji a ku Mtenguleni,
kakhadi atakamanga pansonga ya chitenje
ngati ndalama ya kuchigayo.
"Muli bambo akunyumba umu," anatero,
"akuvina pa ukwati wa mwana wathu.
Chaka chomwecho tinawaika."

Ndinalowetsa. Kompyuta inangoti duu.
Fayilo ilimo, yolemera ndithu,
koma loko wake ndi wa kampani
imene inapanga kamera ija, kenako n'kugwa,
makiyi n'kutsalira kutsidya kwa nyanja.
Munthu mmodzi, manda awiri:
ena a dothi, ena a manambala.

Msatero, mnyamata wa kukoleji amene amanditchajitsa foni pangongole,
ndiye anandiuza kuti ilipo njira ina yosungira zithunzi zoyenda,
yopanda mwini, yopanda msonkho,
kapangidwe kake kolembedwa poyera
ngati mitengo ya fetereza pakhoma la sitolo.
Wofuna awerenge. Wodziwa akonze.
Chitseko chake, akuti, n'chongokankha.

Ndinayesa sabata imodzi.
Wa minibasi ya ku Katete anabwerera thukuta lili kamukamu:
"Kanema wa m'galimoto wakana, ndibwezere ndalama."
Aphunzitsi ena anati foni yawo siikuidziwa.
Wa kwaya sanalankhule n'komwe,
anangopita kwa mnzanga wa kuseri.

Wopanga mafoni akudikira anthu ayambe,
anthu akudikira wopanga mafoni,
ngati mkamwini ndi apongozi okumana pakanjira:
uyu wapatukira kutchire, awo apatukira kutchire,
njira yabwinobwino n'kutsala yokha
ikumera udzu.

Tsopano ukwati uliwonse ndimausunga pawiri,
wina wodya lero, wina wa mbewu.
Palibe amandilipira wachiwiriwo.
Malo mu kompyuta akutha,
mkazi wanga akuti ndi misala.

Kakhadi kaja kali m'bokosi la machesi, pashelefu yapamwamba.
Mwezi ukatha mayi aja amadzera pano
akagulitsa mtedza wawo.
"Sanatuluke?"
"Sanatuluke, mayi."
Amayang'ana bokosilo nthawi yaitali,
n'kukonza mpango kumutu.
"Asiyeni. Paja akayamba kuvina
samva kuitana."