Mutu Wometa Theka ku Chibavi

Magetsi athima ndili pakhutu lamanzere la a Chavula.
Makina ali zii m'manja mwanga, akadali ofunda
ngati mwanapiye wongofa kumene.
Pagalasi mphunzitsi wopuma akudziyang'ana:
mbali iyi bwalo lampira,
mbali iyo Chikangawa asanamudule.

"Dikirani pang'ono, dada, abwera."
Mawu awa ndimawanena kuposa moni.

Panja mawawa a Mzuzu, osagwa, osaleka.
Wongani wa sakaramento wakweza njinga pakhonde,
akufinya chipewa.
Lusekelo wotumiza ndalama walowa ndi mafoni atatu,
netiweki yamuthawa chiyambire m'mawa,
ndalama za mayi wina zakodwa m'malere
pakati pa Joni ndi Mchengautuwa,
mwiniwake wakhala pabenchi, akuti sachoka.

Ndiye a Chavula, nsalu yanga ili m'khosi,
ayambitsa nkhani: mphwawo watumiza kanema
wa galimoto yopanda thanki, yopanda utsi,
yoyenda ngati mphaka pasimenti.
Umangoibaya pakhoma, akutero, n'kukagona.

Wongani waseka mpaka kutsokomola.
"Khoma liti, asambizgi? Ili?"
Tonse tacheukira soketi yanga,
yakuda chipsereni chaka chatha.
"Ikakutherani moto pa Lusangazi, usiku, m'nkhungu,
mudzaibaya pamtengo wa paini?
Yanga ndimatchaja ndi chinangwa chootcha ndi tiyi.
Sinagonepo pamzere wa mafuta."

Lusekelo sanaseke.
Mwamuna wake wagona kawiri m'minibasi ku Katoto
ndi bulangete ndi zigubu,
akabwera kudzasamba amanunkha petulo amene sanamugule.
"Ine nditaipeza ndingayale sola padenga.
Dzuwa silifunsa madola."
"Dzuwa lake liti?" Wongani waloza kumwamba
kotuwa ngati chikolopa.

Apa nkhani yakhota osapereka sigino:
shuga wasowa, thumba la feteleza lafika pamtengo wa mbuzi ziwiri,
kwacha ikuonda ngati sopo wa pamjigo,
wa pawailesi dzulo anati zonse zili m'dongosolo.
Aliyense ali ndi mankhwala ake.
A Chavula akuti tiphunzitse ana mawaya, osati kulemba makalata ofunsira ntchito.
Wongani akuti akuluakulu akwere njinga yake sabata imodzi
pamsewu wa ku Zolozolo mvula itagwa.
Boma lonse lakwana m'kachipinda kanga,
nduna zitatu ndi wometa mmodzi.

Ine chete. Ndikuwerenga chamumtima:
mitu isanu ndi umodzi yabwerera pakhomo,
lendi Lachisanu,
mayunitsi ndinagula dzulo ali m'mita
ngati ndiwo zotsekeredwa m'kabati ya eni.
Galimotoyo ndimaifuna, ndisaname.
Ndimadziona ndikudutsa nayo pa Dunduzu,
mawindo otsitsa, ndikumva ngakhale njiwa,
amayi kumpando wakumbuyo akufunsa ngati injini yalira.
Koma lero sindikupempha zambiri,
moto wokwana theka la mutu basi.

Wotchi ya a Chavula yati hafu pasiti thu.
Madoda akumana kutchalitchi fili koloko,
ndipo iwo ndiwo mlembi.
Ndakoka dilowa yapansi, ija yolimba,
ndatulutsa sizasi ndi chipeso cha malemu bambo,
amene ankameta pansi pa mtengo pamsika wa Taifa
osalipirapo yuniti.
Tchwe. Tchwe-tchwe. Dzanja likukumbuka lokha.

Ndili pamwamba pa khosi, babu laphethira.
"Abwera!" wakuwa mwana kuseri kwa mpanda.
Lusekelo wadumphira soketi, Wongani pambuyo pake,
wailesi ya woyandikana nane yayambira pakati pa mawu,
chigayo chakumtunda chabangula.

A Chavula akundiyang'ana pagalasi,
akuloza makina ndi chibwano.
Ndapukusa mutu. Ndimawadziwa alendo awa,
amalowa osavula nsapato.
Tchwe. Tchwe.
"Weramani pang'ono, dada."