Mtengo wa Bondo

Amuna awiri akhala m'galimoto kuseri kwa bwalo ku Matero,
magalasi otseka, akuwerengera mlongo wanga.
Chaka chatha ankati ndi golide.
Lero akuti, "Bondo lija lagulukanso,
tichotsepo theka."

Ine ndimagulitsa tomato pa Soweto.
Ndimadziwa momwe wogula amadinira chala
pofuna kuti mtengo ugwe.
Wophwanyika timamubisa pansi pa mulu
kapena kumupereka mbasela dzuwa likapendeka.

Koma Yotamu sanakwanitse n'zaka makumi awiri zomwe.
Usiku ndimamumva akumasula bandeji,
akunyengerera bondo lake ngati mwana wosamva:
"Ingondipirira miyezi itatu, iwe."
Magetsi apita,
madzi oundana asungunukira m'beseni.

Timu ya ku Kitwe akuti ikumufuna mobwereka,
ina ikudikira chithunzi cha kuchipatala.
Onse amafunsa za mtsempha.
Za mwini mtsempha, zii.

M'mawa uno wakolekanso nsapato za mpira m'khosi,
watsimphina pang'ono pokwera minibasi,
ndipo kondakitala, posadziwa kanthu,
wamulipiritsa mtengo wathunthu.