Zimene Mkono Ukunena

Ku Izmir, chipinda chachitatu, mvula ikugogoda pazenera.
Ndameta ubweya pamkono wa bambo Nurettin,
pakati pa chigongono ndi dzanja,
ndapukuta ndi thonje lozizira,
ndamata timabatani tisanu ndi kamodzi ta michira ya waya.
Akuti ndawasandutsa wailesi.

Fumbatani, ndikutero.
Zala zikuyesa, sizikukumana.
Pagalasi la kompyuta mzere wobiriwira wangoti njenjenje,
kenako wagona.

Zaka makumi atatu ndi zinayi mkono uwu unkakanda ufa
mzinda uli m'tulo,
sitima za padoko zisanalire.
Sitiroko inabwera Lachiwiri, uvuni ukadali wotentha.

Pindani dzanja m'mwamba. Pansi. M'mwambanso.
Ndikulemba manambala, ochepa ngati malipiro anga.
Iwo maso ali kukhoma.

Ndiye ndachita zomwe m'buku la malangizo mulibe:
ndachotsa chogwirira chachitsulo chija,
ndawapatsa thaulo lonyowa, lopindapinda.
Bambo, uwu ndi mkate wa mawa. Kandani.

Mzere uja wadzuka!
Wakwera, watsika, wakweranso, mano a sowo,
mnofu wakunsi kuitana wapamwamba,
wapamwamba kuyankha mochedwa, koma kuyankha.

Dzanja lenilenilo langosuntha pang'ono,
mwina ngati njere ya chitowe.
Sevgül, akundifunsa, makina ako akuti chiyani?

Akuti muli mkatimo, bambo. Mukugogoda.

Ndamatula timabatani, tasiya timabwalo tofiira pakhungu.
Akutisisita ndi chala cha dzanja linalo,
akupempha kupita nalo kwawo thaulo lija.