Kachitseko ka Ximena

Unabwera Lachiwiri, mvula ikuwaza padoko la Valparaíso.
Ine mafuta ali mpaka m'zigongono,
ndikukonza pampu ya sitima ya asodzi.
Unatambasula lisiti ya buledi,
kuseri kwake utajambula kanthu konga duwa lofunga.
"Bambo Eleuterio, ndisulireni kachitseko ka mtima.
Kachepe ngati chikhadabo cha khanda."

Ndinaseka. Zaka makumi anayi ndikusula zitsulo za sitima,
sindinagwirepo ntchito yofuna galasi lokuzira.
Iwe unati mtima nawo ndi pampu,
kungoti ulibe tsiku lopuma.

Koyamba kanathyoka. Kachiwiri kanadontha.
Kachisanu ndi chinayi unakaponya kukhoma,
n'kukatola wekha, n'kupepesa,
osati kwa ine ayi, kwa iko.
Unkafika usiku kuchokera ku opaleshoni,
zala zikununkha sopo wa kuchipatala,
n'kugona pabenchi tiyi asanazizire.
Ndinkazimitsa makina, n'kumayenda monyang'ama.

Kakhumi ndi chisanu ndi chiwiri kanagwira.

Ximena Aravena, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.
Akuti mtsempha unaphulika m'mutu mwako
uli pamzere wogula nsomba, Loweruka m'mawa.
Iwe wosoka mitsempha yopyapyala ngati tsitsi,
pamsika paja panalibe wokusokera wako.
Ndalama zinali zikadali m'manja.

Kumaliro kunadzaza madokotala.
Analankhula mawu aatali, ine sindinatolepo kanthu.
Palibe anatchula kuti unkatafuna pensulo mpaka kuiphwanya,
kapena za mapeso zikwi zitatu
amene unandibwereka a basi, usiku uja wa chifunga.

Dzulo mayi wina anandiimitsa pamasitepe a ku Cerro Barón,
atagwira kamnyamata kosakhazikika, kagweru m'kamwa.
"Ndinu aja?"
Anakweza malaya a mwanayo.
Chipsera chowongoka bwino, kasokedwe kako.
Ndinagwada movutikira,
khutu langa logontha theka pachifuwa chake.
Mabasi, mbalame za kunyanja, wina akukuwa kumsika,
kenako pansi pa zonsezo ndinamva:
tsegu, tseke, tsegu, tseke.
Kanandikankha, kanathamangira galu.

Zolephera zija, zonse khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
zili m'chitini cha nsomba pamwamba pa makina.
Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito akufuna kuzitaya.
Ndamuuza kuti ayambe wadikira.