Chinaka cha Kuseri kwa Bafa

Ndinachitola pa dambo la kuseri kwa Domwe
tsiku limene thirakitala ya a Fulujensiyo inkang'amba nthaka
kuti pabzalidwe kachewere.
Chinali chagada pa chibuma, mizu kumwamba,
timbatata tiwiri ngati mazira a njiwa,
kena konenepa, kena kokwinyika ngati chala chokhalitsa m'madzi.
Ndinachikulunga m'chipewa pamodzi ndi dothi lake
n'kupalasa njinga mpaka ku Ulongwe, dazi lili padzuwa.

Dona Felizarda, wogulitsa chinaka chodula pa siteji ya shapa,
anasuzumira pa mpanda n'kuseka mpaka kutsamwa.
"Aphunzitsi, tiwiri tokhato?
Ngakhale mutathira nsinjiro chitini chonse
sitingadzaze chikhato cha mwana."
Ndinati si todya.
Anati, "Ndiye mukuweta chiyani, njala?"

Chaka choyamba ndinachikonda mopusa.
Feteleza wotsala ku chimanga, kasupuni.
Madzi m'mawa, madzi madzulo,
ngakhale mu Julaye, chisanu chikamayera pa udzu ngati ufa wotayika.
Masamba anachita chikasu n'kugona.
Nditafukula ndi chala
ndinapeza kamodzi kasanduka phala lonunkha.

Ndi Felizarda yemweyo amene anabwera ndi thumba pamutu,
dothi lakuda la kudambo, mizu ya udzu ili momwemo,
analitula osapereka moni.
"Ichi si kabichi.
Chilimwe chimagona.
Inu akamakuthirani madzi muli m'tulo mumathokoza?"

Basi ndinaphunzira ntchito yovuta kuposa zonse,
yopinda manja.
Ndinazika sipoko ya njinga kuti ndisaiwale malo,
ndinavundikira dengu lobooka kuopa nkhuku za a Njolinjo,
ndipo miyezi isanu ndinkadutsa ndi ndowa ya ku bafa
maso kumbali, ngati wangongole podutsa pa golosale.
Mfuko itatukula dothi chapafupi
ndinagona ndi nsapato.
Mu Seputembala ndinatenthapo udzu pang'ono,
kamoto kothamanga, kosafika pansi,
chifukwa kwawo amati chimadzuka ndi phulusa.
Mkazi wanga anauza a kutchalitchi kuti penshoni yandizunguza mutu.

Mvula inagwa pa khumi Disembala.
Sabata, palibe. Sabata ina, chisoso chokha.
Kenaka m'mawa wina, ndikutsuka m'kamwa,
masamba awiri atamata pansi
ngati makutu a munthu womvetsera za kunsi kwa nthaka.
Mswachi unagwera m'matope.

Phesi linatenga nthawi yake,
linakwera ngati mwana wosafuna sukulu,
mpaka mu Febuluwale, nkhungu itakuta mapiri a ku Tsangano,
linamasula kuyambira m'munsi,
timaluwa tofiirira ngati nkhama za khanda,
kalikonse ndi kachipewa kake ndi timichira tiwiri kumbuyo.
Ndinawerenga monga ndinkaitanira mayina m'kalasi:
khumi ndi asanu ndi anayi, palibe wojomba.
Chakumadzulo kunabwera kagulugufe kotuwa
kamene sindinakaonepo m'bairo muno.
Anakauza ndani?

Felizarda anaima nthawi yaitali, beseni lili m'chiuno.
"Zaka makumi atatu ndikukumba," anatero,
"duwali kwa ine linali chala cholozera khasu.
Kale tinkadzaza dengu tisanamve belu la ku misa.
Lero timakwera shapa, mametikali zana,
kukabwera ndi theka la chitini."
Anawerama, ananunkhiza, anayetsemula.
"Tikaswana pansipo mundigawireko kamodzi."
Ndinamuyang'ana.
"Iyayi, si ka mumphika," anatero mokwiya,
n'kunyamuka kuthamangira shapa ya ku Kalomwe.

Tsopano phesi lauma, njere zake ndi fumbi chabe,
zauluka, sindidziwa kuti zagwera kwa yani.
Sipoko ili pomwepo, yachita dzimbiri.
Pansi pake kakale kakukwinyika
kuti katsopano kanenepe,
ndipo ine ndadutsanso ndi ndowa yanga
osathira dontho.